Mutu 6: Mpata Pansalu ya Amayi a Kuchipululu

1. Mphekesera ya m'basi

Sabata yonse ija, pasukulu ya Lindiwe ku North York, pafupi ndi Toronto ku Canada, panalibe nkhani ina koma ya amayi a mu holo. Inkanong'onedwa m'basi, pamzere wa chakudya, ngakhale kuchimbudzi cha atsikana. Akuti amayi aja ayambana. Akuti chithunzi chawo chachikulu sichidzatha, poti wamng'ono mwa iwo wanyanyala, wangokhala pakona manja ali m'jekete. Ena ankati ayi, si kunyanyala, ndi ulesi basi: munthu anakwera ndege ulendo wonsewo kudzaona sinowo ndi kudya madonati.

Amayiwo anali asanu, ochokera kuchipululu cha pakati pa Australia. Anali Aaborijini, eni nthaka a dziko limenelo, anthu amene makolo awo anali komweko azungu asanafike ndi zombo. Nyumba ina yosungira zithunzi mu Toronto inawaitana chaka cha 1996 kuti adzajambule chithunzi chimodzi onse pamodzi, anthu akuonerera. Anawapatsa holo ya kuseri kwa laibulale, ndipo ana a sukulu ankaloledwa kulowamo akaweruka.

Tsono mphekesera siyenda yokha, imafuna miyendo. Miyendo ya mphekesera iyi inali Bupe, mnzake wa Lindiwe wa ku Lusaka, mtsikana amene khutu lake linkamva ngakhale zimene sizinanenedwe.

"Iwe, nikuuza, pali ndeo paja," anatero Bupe m'basi, ndi Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Ona pakati pa nsalu. Bonse bapenta kuzungulira, paja bapasiya che. Manje uja Selina ankhala pakona monga bamutukwana."

"Unawamva akutukwanana?" anafunsa Lindiwe.

"Siniziba chitundu chao. Koma nkhope niziba."

Lindiwe anaseka, koma mtima wake unali kwina. Aphunzitsi a zojambula, a Fabian, anali atalengeza kuti ku yunivesite kuli malo a mwana mmodzi yekha pa maphunziro a zojambula a Loweruka. Wofuna malowo abweretse chithunzi chake Lachisanu. Mutu wa chithunzi unali liwu limodzi: Kwathu.

Malo amenewo Lindiwe ankawafuna kuposa nsapato zatsopano. Kujambula ankatha, aliyense m'kalasi ankadziwa. Vuto linali liwu lija. Anachoka ku Malawi ali ndi zaka zinayi, ndipo za kumeneko ankangokumbukira fumbi ndi galu wina wachikasu. Ajambule chiyani, fulati ya pansanjika yakhumi ndi lifiti yake yonunkha anyezi?

Nchifukwa chake ankapita ku holo tsiku lililonse. Kunyumba, kunsi kwa bedi, anali ndi thabwa limene ankalidzaza pang'onopang'ono ndi madontho, motsanzira amayi aja.

2. Mu holo

Koma kunena zoona, amayiwo ankajambula mwa mtundu wina.

Nsalu yawo sinali pakhoma. Anaiyala pansi, yaikulu ngati chipinda chochezera, yopakidwa kale utoto wofiira ngati dothi la katondo. Iwo ankakhala pansalu pomwepo, atavala majekete ndi zipewa zaubweya, koma mapazi ali osavala. Aliyense anali ndi kamtengo kowongoka ndi tizitini ta utoto. Akaviika kamtengo, dontho. Akaviikanso, dontho. Madontho oyera, achikasu, akuda, ena ofiirira ngati nkhungu ya m'mawa, kumangotsatana mpaka maso ako ayambe kuona mchenga ukuyenda.

Panalibe wolembera mnzake poti adutse. Panalibe pepala lokoperapo. Wina ankayambira kum'mawa, wina kumadzulo, koma mizere yawo ikakumana inkangolumikizana ngati anapangana chaka chatha. Ndipo ankaimba. Nyimbo yake inali yapansipansi, yobwerezabwereza, wina akasiya wina n'kulandira.

Mtsogoleri wawo anali mayi wamkulu wa imvi, dzina lake Agness. Ana onse ankawatcha anti Agness, ndipo zinapezeka kuti kwawonso mayi wamkulu aliyense ndi anti, monga mmene zilili ku tchalitchi cha Amalawi ndi Azambia ku Toronto. Anti Agness ankamwa tiyi wa shuga wambiri koopsa, ndipo ankadana ndi kuzizira ngati mdani wa pamtundu.

"Dziko lanuli ndi firiji," ankauza ana m'Chingerezi chawo chosasa. "Munalakwira ndani kuti akuikeni muno?"

Pakati penipeni pa nsalu panali mpata uja, waukulu ngati lichero, wofiira wokhawokha. Madontho a amayi anayi ankafika m'mphepete mwake n'kubwerera. Selina, wamng'ono mwa onse, ankakhala chapatali atafunda bulangeti, kamtengo kake kali kouma, milomo yokha ikugwedera.

3. Mwana wamwambo amalandira

Apa mpofunika mudziwe mmene Lindiwe analeredwera. Amayi ake, a Mathilda, ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo anali munthu wosalola kuti Canada iwalerere mwana. Chiphunzitso chawo chachikulu chinali cha kulandira.

"Mwana wamwambo saimirira ngati mtengo wa magetsi akuluakulu akugwira ntchito," ankatero. "Ukaona munthu wamkulu wasenza katundu, umathamanga kukamulandira. Ukapeza mayi akusesa, umatenga tsache. Sudikira kuti akupemphe, chifukwa munthu wamkulu sapempha mwana. Akakupempha ndiye kuti wandichititsa kale manyazi ineyo. Ana a kuno amadutsa agogo atanyamula majumbo, maso ali kutsogolo. Iwe ndikadzakuona utatero, tidzakambirana m'Chichewa."

Lindiwe anamva, ndipo ankachita. Ku tchalitchi ankamutama. Amayi a ku Chipata ankati, "Mwana wa a Mathilda uja, ngati anakulira kumudzi."

Ndiye Lachinayi lija, mawa lake likhala Lachisanu, Lindiwe ndi Bupe analowa mu holo sinowo woyamba akugwa. Anti Agness anali atagwada m'mphepete mwa mpata uja. Dzanja lawo linkanjenjemera. Anaika kamtengo pansi, nagwira msana, nabuula.

Lindiwe anayang'ana Selina. Selina sanasunthe.

Mwana wa a Mathilda anavula nsapato, naponda pansalu mosamala, nagwada pafupi ndi mayi wamkuluyo. "Pumulani, anti, ndikulandireni," anatero. Anatola kamtengo kaja, naviika mu utoto woyera. Madontho anali atawaphunzira bwino kunsi kwa bedi. Anayamba pamene anti Agness analekera, nalowa mumpata muja, dontho, dontho, dontho, mzere wokongola wokhota ngati mchira wa buluzi.

Nyimbo inaduka.

Sinathe pang'onopang'ono ayi. Inaduka ngati wina wazimitsa wailesi. Mayi wina anaphimba maso ndi chikhatho. Wina anatembenukira kukhoma. Selina anaimirira, bulangeti n'kugwa pansi. Bambo woyang'anira holo anabwera chothamanga, nkhope itafiira, koma anti Agness anangokweza dzanja, bamboyo n'kuima pomwepo.

Anti Agness anagwira mkono wa Lindiwe, osati mwaukali, nachotsa kamtengo m'zala zake.

4. Mawu a anti Agness

"Khala pansi, mwana. Ayi, osati apo, ukhalira chitsime cha mlamu wanga. Apa."

Lindiwe anakhala.

"Iwe ukayang'ana nsaluyi ukuona madontho okongola," anatero anti Agness. "Ife tikuona dziko, monga amalionera kabawi ali m'mwamba. Chozungulira ichi ndi chitsime cha m'thanthwe. Amayi anga anandiberekera pafupi nacho. Izi zokhota ngati chiboda ndi amayi atakhala pansi, akukumba mbatata zam'tchire. Mzere wautaliwu ndi njira imene makolo athu oyamba anayenda akuimba. Pamene anaima panamera phiri. Pamene anakhala pansi panatuluka madzi. Aliyense wa ife ali ndi chigawo chake cha njira imeneyi, chimene anachilandira kwa makolo ake. Ine ndimajambula changa. Mlamu wangayu tafunda naye bulangeti limodzi zaka zambirimbiri, koma sangaike dontho pa dziko langa ndisanamulole. Munthu sajambula dziko la mwini.

"Dzanja lako ndi labwino. Langa likunjenjemera, waona wekha. Koma dontho silichokera m'dzanja, mwana. Limachokera kuphazi. Uyenera kuti unapondapo, unamwa madzi ake, unamva nyimbo yake kwa munthu amene ali ndi ufulu wokuimbira. Anthu ambiri atenga madontho athu n'kuwaika pa makapu ndi pa malaya. Amaoneka bwino ndithu. Koma ali ngati nyumba yopanda munthu."

Analoza mpata uja.

"Ili ndi dziko la mng'ono wanga. Ndiye amayenera kubwera nafe kuno. Anamwalira tisananyamuke. Dzina lake sitilitchula tsopano, ndi mwambo wathu, timamusiya apume. Selina ndi mwana wake. Anakulira kusukulu ya m'tauni, kutali ndi chipululu, ndipo nyimbo ya amayi ake anaimva mwapatalipatali. Mukuti ndi waulesi. Mukuti tayambana. Inde, ndamva. Makutu anga ndi okalamba, koma si miyala."

Bupe, amene anaima pakhomo, anayamba kuyang'ana zingwe za nsapato zake.

"Mwa tonse muno, amene akugwira ntchito yaikulu ndi Selina. Akumvetsera. Ife tikuimba, iye akusunga. Tsiku limene nyimboyo idzakhazikike mwa iye, adzanyamuka yekha n'kudzajambula kwa amayi ake. Likhoza kukhala mawa. Likhoza kukhala tsiku lomaliza. Ngati silifika, nsalu idzapachikidwa ndi mpata wake, ndipo palibe adzachite manyazi. Mpata woona umaposa madontho abodza."

"Pepani, anti," anatero Lindiwe. "Kwathu mwana amalandira wamkulu akatopa. Ndimafuna kuthandiza."

"Ndikudziwa. Ukanakhala wachipongwe sindikanataya nawe tiyi wanga, wazizira uyu."

Pamenepo Selina anayandikira. Anatenga chitini cha utoto wofiira uja ndi kansanza, nagwada. Kanali koyamba kuti dzanja lake likhudze malo a amayi ake. Anapaka pamwamba pa madontho a Lindiwe pang'onopang'ono, limodzilimodzi, mpaka onse anamira m'dothi lofiira. Misozi inkatsika, koma dzanja silinagwedere.

"Madontho ako ndi owongoka," anauza Lindiwe osamuyang'ana. "Koma sakudziwa kumene akupita."

Atatero anabwerera pakona pake, nafundanso bulangeti.

"Usaganize kuti wamuthandiza kuyamba," anatero anti Agness. "Tsiku lake silinali lero. Tsopano ndiuze, kwanu n'kuti?"

"Ku North York."

Amayi aakulu onse anayi anaseka, ngakhale uja amene anali atatembenukira kukhoma.

"Sindikufunsa kumene ukugona. Amayi ako anamwa madzi a kuti?"

"Ku Malawi. Ku Ntcheu."

"Kuli phiri?"

"Mwina."

"Mtsinje wake dzina lake ndani? Agogo ako anagona pansi pa mtengo wanji?"

Lindiwe anapukusa mutu.

"Ndiye pita ukafunse, m'malo mobwereka dziko la eni. Iwe amayi ako ali moyo. Selina akanapereka maso ake onse awiri kuti akhale ndi mwayi umenewo."

5. Thabwa la kunsi kwa bedi

Mu lifiti Bupe anakhala chete kuyambira pansi mpaka nsanjika yachitatu, chimene kwa iye chinali chozizwitsa.

"Koma naine ninanamiziwa," anatero potsiriza. "Ni uja Conrad wa mu kilasi yathu anayamba."

"Conrad sanapiteko n'komwe ku holo."

"Ndiye wamene ananama maningi."

M'chipinda, Lindiwe anasolola thabwa lija. Linali litatsala pang'ono kutha. Zozungulira, mizere, madontho oyera ndi achikasu, zonse zili m'malo mwake. Tsopano ankatha kuloza: ichi ndi chitsime cha anti Agness, uwu ndi mzere wa mlamu wawo.

Bupe anaimba mluzu. "Iwe, peleka ichi mailo pa Chisanu. Ba Fabian sibaziba za nyimbo na vitsime. Uzawina, nikulumbilila. Baja bamai bazayenda kwao, ndani azabauza?"

Zinali zoona. M'kalasi monse munalibe amene akanajambula chofika pamenepo.

Lindiwe anatenga utoto wofiira ndi wakuda pang'ono, nasakaniza pa chivindikiro cha chitini cha majarini mpaka unafanana ndi dothi. Anatenga burashi yaikulu.

"Uchita chani? Lindi, wapenga? Masabata yabili yonse!"

Burashi inayenda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Chitsime chinamira. Mizere inamira. Posakhalitsa thabwa lonse linali lofiira lokhalokha, lonyowa, lopanda kanthu.

"Manje mailo uzapeleka dothi?" anafunsa Bupe.

Chitseko chakunja chinatseguka. A Mathilda analowa kuchokera ku shifiti, sinowo ali pamapewa. Asanavule n'komwe majombo, Bupe anali atawauza kale nkhani yonse, kuyambira kamtengo mpaka misozi ya Selina, n'kuwonjezerapo kuti bambo wa holo anatsala pang'ono kuitana apolisi.

6. Chala pa utoto wonyowa

A Mathilda anakhala pampando wa kukhitchini, nayang'ana mwana wawo.

"Safunsa anadya phula," anatero. "Koma phula limeneli tadya awiri. Ndinakuphunzitsa kulandira, sindinakuphunzitse kuti pali katundu wina salandirana. Ngakhale kwathu, mayi akasenza mtsuko wa madzi osambitsira maliro, suthamanga kukamulandira. Pakhomo pa eni umaodira kaye, ngakhale chitseko chili chotsegula. Ulemu si manja okha, mwana wanga. Ulemu ndi maso, kuona kaye chimene anthu asiya dala. Mawa upite ukawagwadire amayi amenewo, ndipo ine ndipita nawe. Ndiwaphikira mandasi."

"Amakonda shuga wambiri," anatero Bupe.

Lindiwe anabweretsa thabwa lija, naliika patebulo. Kawirikawiri amayi ake akayankhula Chichewa iye ankayankha m'Chingerezi. Tsiku limeneli anagwada, nasankha mawu ake limodzilimodzi.

"Amayi, mundiuze kwathu. Phiri lake, mtsinje wake. Ndikufuna ndijambule zathu."

Nkhope ya a Mathilda inasintha. Anayang'ana pazenera, kumene magetsi a mumsewu anali atayaka kale ngakhale anthu anali asanadye. Kenako anatambasula chala, nachiika pa utoto wonyowa.

"Phiri lili apa," anatero, chala chikukwera n'kutsika. "Lili ndi msana ngati wa ng'ombe. Mtsinje umatsika chonchi, n'kukhota pa mwala umene tinkachapirapo. Apa pali mkuyu. Apa msewu wa fumbi wopita ku chigayo. Galu wachikasu amene umamukumbukira uja ankagona apa."

Lindiwe sanaphethire. Dziko linkatuluka pathabwa, mzere ndi mzere, kuchokera m'chala chimene tsiku lonse chinkasambitsa okalamba a eni.

Chalacho chinazungulira, chinazunguliranso, kenako chinaima m'mwamba. Pakati pa thabwa panatsala mpata.

"Nanga apa?" anafunsa Lindiwe.

"Apa panali pakhomo pa amayi anga. Nyumba, nkhokwe, ndi pamene anagona." A Mathilda anapukuta chala pa yunifolomu. "Ine amalume ananditenga ndili wamng'ono kupita nane ku Blantyre. Ndinkangobwera patchuthi, ngati mlendo. Amene anakulira pamenepo, amene anawadwazika mpaka kuwaika m'manda, ndi achemwali anga, a Eunice. Pamenepo mpawo. Ine ndikajambula ndinama."

"Ndili ndi amayi aakulu? Ali ku Ntcheu?"

"Ali ku Oshawa."

Ku Oshawa. Sitima imodzi kuchokera ku Toronto, ulendo umene anthu amapita m'mawa n'kubwerera madzulo. Lindiwe anali atadutsako ndi kwaya ya tchalitchi, akudya tchipisi pawindo.

Sabata yonse Bupe anasakasaka mkangano mu holo, pamene mkangano weniweni unali m'khitchini imene ankamwera tiyi tsiku lililonse.

"Sitinayankhulane chiikireni maliro a agogo ako," anatero a Mathilda motsitsa mawu. "Chifukwa chake usandifunse lero." Anatchula nambala ya foni, yonse, osadodoma, ngati munthu amene wakhala akuibwereza mumtima zaka zonsezi. "Foni ndi iyo pakhomapo. Sindikukuletsa. Koma ine sindiigwira."

Ananyamuka, nalowa kubafa, madzi n'kuyamba kutsika.

Lindiwe anatsala ndi thabwa patebulo. Utoto unkauma. Phiri linalipo, mtsinje unalipo, mkuyu unalipo. Burashi yaing'ono inali pafupi ndi dzanja lake, ndipo kanyumba ka udzu ndi nkhokwe akanazijambula mosavuta, a Fabian osadziwa kanthu. Foni inali pakhoma, chingwe chake chikulendewera. Lachisanu linali mawa.

Mukanakhala inuyo pampando umenewo, dzanja lanu likanapita ku burashi, kapena ku foni?